Pulogalamu yokhala ndi kamwa ndi mimba: mmene TeX imayalira mawu patsamba

Tengani buku lanu la masamu, mutsegule tsamba lomwe lili ndi ndime yaitali, muyang'ane kumapeto kwa mizere kudzanja lamanja. M'mabuku ambiri mizere yonse imathera pamodzimodzi ngati yayezedwa ndi rula, chonsecho mawu ake ndi otalika mosiyana. Ndani amasankha poti mzere uthere? Masiku ano ndi pulogalamu ya kompyuta. Lero ndikufuna titsegule imodzi mwa mapulogalamu otere, yotchedwa TeX, tione mmene inamangidwira mkati, komanso chifukwa chake anthu akhala akuiphwasula n'kuimanganso kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Dzinali limatchulidwa kuti "tekh", chifukwa X wakumapetoyo ndi lembo la Chigiriki.

Mwini wake ndi a Donald Knuth, katswiri wa sayansi ya makompyuta pa yunivesite ya Stanford ku America. Mu 1977 kampani yosindikiza inawatumizira masamba oyeserera a buku lawo lachiwiri la The Art of Computer Programming. Makina akale a zilembo zamtovu anali atasiyidwa, ndipo makina atsopanowo anatulutsa masamu osaoneka bwino. A Knuth sanakondwe nazo, ndiye anaganiza zolemba pulogalamu yawoyawo. Ankayesa kuti ndi ntchito ya miyezi yowerengeka, koma inawadyera zaka pafupifupi khumi. TeX yoyamba inatuluka mu 1978, ndipo mu 1982 anailembanso yonse kuyambira pachiyambi.

Chomwe chapangitsa kuti tithe kukamba za mkati mwake n'chakuti a Knuth sanabise kalikonse. Malamulo onse omwe amayendetsa pulogalamuyi, omwe akatswiri amati source code, anawapereka poyera, mpaka mu 1986 anawasindikiza ngati buku la zigawo zoposa 1,300, chigawo chilichonse ndi malongosoledwe ake. Pulogalamu yomwe aliyense angaiwerenge, kuikopera ndi kuisintha ndi imene timati open source.

TeX simafanana ndi Microsoft Word, momwe mumaona tsamba pamene mukulemba. Kuno mumalemba fayilo ya mawu wamba, n'kusakanizamo timalamulo. Mukalemba $x^2$ ndiye kuti mukufuna x wokhala ndi ka 2 pamwamba. Fayiloyo mumaipereka kwa TeX kuti iidye. Inde, kudya, a Knuth eni ake amafotokoza pulogalamu yawo ngati chamoyo chokhala ndi kamwa ndi mimba. Kamwa limatafuna timalamulo tija. Ambiri mwa iwo ndi zidule chabe, zotchedwa macro, zomwe zimaimira malamulo ena ambirimbiri, ndipo kamwa limazimasula mpaka zitasanduka tizidutswa tomwe mimba ingalandire. Mimba ndiye imayeza ndi kuyala.

M'mimbamo ndi momwe muli nkhani yokoma. TeX sidziwa kuti "a" amaoneka bwanji. Kwa iyo lembo lililonse ndi kabokosi kokhala ndi m'lifupi, msinkhu, ndi kuya kwa kamchira kotsikira pansi monga ka "g". Timabokosi tikandandalikana timapanga mzere, womwenso ndi bokosi, ndipo mizere ikasanjikizana imapanga tsamba. Mipata ya pakati pa mawu a Knuth anaitcha guluu, koma ine ndimaona kuti imafanana kwambiri ndi mphira ya legeni: ili ndi utali wake wachibadwa, imatha kutanuka, imathanso kufinyika pang'ono. Kuti mzere ufike ndendende kumapeto, TeX imakoka kapena kufinya mphira zonse za mumzeremo.

Tsono mzere uthere pa liwu liti? Mapulogalamu ambiri amachita ngati kondakitala wa minibasi amene akudzaza mpando wakumbuyo osayang'ana amene ali pamzere panja: amalonga mawu mpaka mzere utadzaza, basi, n'kupita pa wina. Zotsatira zake, mzere wachitatu ukhoza kukhala bwinobwino pamene wachinayi watsala ndi mipata ikuluikulu. TeX imayamba yawerenga ndime yonse. Mzere uliwonse womwe ungatheke imaupatsa malikisi a kuipa kwake, ndipo masamu ake mukhoza kuwachita nokha. Onani gawo lomwe mphira yatanuka poyerekeza ndi mlingo wololedwa, mulichulukitse lokha katatu, kenako muchulukitse ndi 100. Ikatanuka theka la mlingowo, kuipa kwake ndi pafupifupi 12. Ikatanuka mlingo wonse, 100. Ikapitirira kawiri, 800. Mwaona mmene nambala ikuthamangira? Motero TeX imalolera mizere ingapo yoipa pang'ono kusiyana ndi mzere umodzi woipitsitsa.

Wina anena kuti, aaa, ndiye kompyuta iziyesa njira zonse? Ayi ndithu. Ndime yokhala ndi malo 30 okha oduliramo ili ndi njira zoposa biliyoni imodzi. Nzeru yomwe a Knuth ndi wophunzira wawo Michael Plass anafalitsa mu 1981 ndi yakuti, pamalo aliwonse pomwe mzere ungathere, pulogalamu isunge njira zabwino zokha zofikira pamenepo, zina zonse izitaye.

Palinso kanthu kena komwe ndimakakonda. TeX imayeza zonse ndi manambala athunthu, pogwiritsa ntchito kamuyezo kakang'ono kwambiri: timiyezo 65,536 timapanga point imodzi, ndipo mu inchi imodzi muli ma point 72.27. Kamuyezoko ndi pafupifupi mananomita asanu, kochepa kutalitali poyerekeza ndi funde la kuwala komwe maso athu amaona. Anatero chifukwa makompyuta a nthawi imeneyo ankasiyana powerengera madesimo. Ndi manambala athunthu, fayilo imodzi imadula mizere pamalo omwewo pa kompyuta iliyonse.

Nanga ngati zili bwino chonchi, kumanganso n'kwa chiyani? Yankho lili m'makompyuta a m'ma 1970, omwe memory yawo inali yochepa zedi. TeX imaona ndime yonse, koma siona buku lonse. Ikamaliza tsamba imalitulutsa n'kuliiwala. Tiyerekeze kuti pa tsamba 3 mwalemba kuti owerenga aone chithunzi chomwe chili kutsogolo. Pofika pamenepo TeX sinadziwebe kuti chithunzicho chidzagwera tsamba liti. LaTeX, yomwe ndi mtolo wa ma macro omwe a Leslie Lamport anamanga pamwamba pa TeX m'ma 1980, imazemba vutoli mwaukathyali: ulendo woyamba imaika zizindikiro ziwiri za funso, n'kulemba manambala a masamba m'kafayilo kapambali. Muiyendetsenso kachiwiri, ndiye imawerenga kafayiloko n'kudzaza mipata. Mpaka lero anthu amayendetsa fayilo kawiri kapena katatu pa chifukwa chimenechi.

Vuto lina likutikhudza ife eniake. TeX ya 1982 inkalandira zilembo ndi zizindikiro 128 zokha, zokwanira Chingerezi. Cha m'ma 1990 zinafika 256, koma ŵ wa m'dzina la Malaŵi, yemwe Chiwelsh cha ku Britain chimamugwiritsanso ntchito, sanapeze malo akeake m'mafonti odziwika a nthawiyo. Munkalemba \^w kuti TeX itenge kachipewa n'kukaveka w, ndipo liwu lovekedwa chonchi silinkadulika bwino kumapeto kwa mzere. Kadulidwe ka mawu nakonso kanali ka Chingerezi, kochokera m'timalamulo 4,447 tomwe Frank Liang anakonza mu 1983. Inu mukudziwa kuchokera m'phunziro la Chichewa kuti maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu: ku-phu-nzi-ra. Malamulo a Chingerezi sadziwa zimenezo, ndiye akhoza kulekanitsa n ndi z.

Apa a Knuth anachita chinthu chachilendo. Analengeza kuti TeX yaima, sidzaonjezedwanso zatsopano, azingochotsa zolakwika basi. Akakonza kanthu, nambala ya mtundu wake imangoyandikira π: panopa ili pa 3.141592653. Amene akufuna kusintha ndi womasuka, bola apatse chinthu chakecho dzina lina. Kuti pulogalamu itchedwe TeX iyenera kukhoza mayeso ovuta otchedwa TRIP.

Anthu anasinthadi. Hàn Thế Thành wa ku Vietnam anapanga pdfTeX kuti izitulutsa PDF mwachindunji. Mu 2004 Jonathan Kew anatulutsa XeTeX, yomwe imalandira Unicode, kaundula wa zilembo ndi zizindikiro zoposa 140,000 za zinenero za dziko lonse. Mmenemo ŵ ali ndi nambala yakeyake. Koma kusintha komwe ndimakuona kozama ndi kwa LuaTeX, yomwe mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2016. Poyamba munthu unkangolankhula ndi kamwa, mimba inali yotseka. Omanga LuaTeX anaboola timakomo m'mbali mwa mimbayo, kuti pa sitepe iliyonse, kaya podula mawu kaya podula mizere, munthu athe kulowetsapo kapulogalamu kake kolembedwa mu Lua, chinenero cha makompyuta chochokera ku Brazil. Kuti adziwe poboola, anayenera kumvetsa kaye chigawo chilichonse cha buku lija la 1986.

Ena anati kukonza nyumba yakale kwakwana, tiyambe maziko atsopano. Ku Berlin, Martin Haug ndi Laurenz Mädje analemba Typst m'chinenero cha Rust, ndipo source code yake anaipereka poyera mu 2023. Typst imakumbukira zomwe yawerengera kale, moti mukasintha liwu limodzi imabwereza mbali zokhudzidwa zokha, ndipo manambala a masamba imawabwereza yokha mkatimo mpaka atakhazikika. Nzeru yoyang'ana ndime yonse sanaitaye, anaitenga. Chomwe Typst singachite n'kudya mafayilo a LaTeX omwe asayansi aunjika kwa zaka 40, ndipo magazini ambiri a masamu ndi Physics amafunabe kulandira zolemba mu LaTeX. Pa chifukwa chimenechi, wophunzira amene akupita kukachita masamu ku yunivesite ndingamuuze kuti ayambe waphunzira LaTeX, aziiyendetsa ndi LuaTeX, kenako Typst aiyese pa ntchito zake za m'kalasi.