Khola la ng'ombe lomwe linasanduka malo odyera ku America

Mukachoka mumzinda wa New York kulowera kumpoto, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto, mumafika pamudzi wa Pocantico Hills. Pamenepo pali makola amiyala omwe John D. Rockefeller Jr., mwana wa mpondamatiki wa mafuta uja, anamangitsa m'zaka za m'ma 1930 kuti banja lake lizimwa mkaka wa ng'ombe zawozawo. Patapita zaka, mwana wake David anakonzetsa makolawo pokumbukira malemu mkazi wake Peggy, ndipo mu 2004 munatsegulidwa malo odyera otchedwa Blue Hill at Stone Barns. Makoma ndi omwe aja. Momwe munkakhala ng'ombe ndi momwe anthu amadyera lero.

Kumeneko sakupatsani pepala loti musankhepo chakudya, ayi. Mumadya zomwe zacha m'munda wa pomwepo ndi m'minda ya alimi oyandikira. Mtengo wake tisaname, ngowawa: munthu mmodzi amalipira madola mazanamazana. Pafamupo akhala akuwetaponso nkhumba, ndiye Msilamu sangangofika n'kuyamba kudya osafunsa. Koma chatikopa ife n'china.

Mkulu wa ophika, a Dan Barber, ankagula tirigu wokoma kwambiri wa mtundu wa emmer kwa mlimi wina, a Klaas Martens, a ku Penn Yan, dera la nyanja za Finger Lakes. Tsiku lina anapita kukaona munda womwe kumachokera tiriguyo. Anadabwa kupeza kuti tirigu ndi kachigawo chabe. Kwinako kunali mpiru, khobwe, nyemba, mawere, barele ndi mbewu zina zomwe mlimiyo amabzala mosinthasintha, pakuti sathira feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala. Mpiru umachepetsa matenda a m'nthaka, khobwe ndi nyemba zimabwezera chonde, zinazo zimapondereza udzu. Tirigu amabwera nthaka itakonzeka kale.

Nanga mbewu zinazo zimapita kuti? Zambiri ankazigulitsa motchipa ngati chakudya cha ziweto, zina n'kumazikwirira m'munda. A Barber anaona kuti iwo, omwe ankatamandidwa kuti amathandiza alimi, ankangotola chonona n'kumusiyira mlimi mtolo wonse wosamalira nthaka.

Izitu si zachilendo kwa ife. Tikaphatikiza nandolo kapena khobwe m'munda wa chimanga timadziwa kuti nthaka ikupindula, koma pokolola vuto limakhala msika. Kunyanja n'chimodzimodzi: mlendo akafika pamalo ogona amafunsa chambo basi, chambo chomwe chikusowa kale, pamene usipa ndi utaka zili mbwee pathandala.

Atabwerera kukhitchini, a Barber anapanga chakudya chomwe anachitcha rotation risotto. Risotto ndi chakudya cha ku Italy chophikidwa ndi mpunga, koma m'chawochi mpunga munalibe ngakhale njere imodzi. Anasakaniza mbewu zonyozeka zija n'kuziphika phalaphala, ndipo operekera zakudya ankafotokozera alendo ntchito ya mbewuzo m'munda. Olemera aja anadya chakudya chomwe kale chinkapita kukhola, n'kulipira bwinobwino.

Mbale imodzi siingagule zokolola zonse za mlimi, zimenezo n'zoona. Komabe nkhaniyi inafika patali a Barber ataiika m'buku lawo la The Third Plate mu 2014. Chaka chotsatira, pamalo awo ena odyera mumzinda wa New York, anatha milungu ingapo akuphika zinthu zomwe ena amataya, monga mitu ndi minga ya nsomba, makoko ndi zotsalira za masamba. Mipando inkadzaza ndithu.