Moto wa pansi pa phazi: vuto la opalasa njinga ku Chigwa cha Shire

Dambo la Elephant Marsh, lomwe lili m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje ndipo linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo otetezedwa padziko lonse mu 2017, limadyetsa anthu ambiri, koma nsomba zake sizifika zokha pamsika. Milamba ndi mphende zochokera m'madooko, nzimbe, mbatata ngakhalenso odwala opita kuchipatala zimayenda panjinga zakapalasa kukafika ku Nchalo, Ngabu, Bangula kapena Makhanga, ndipo kulemera konse kwa katunduyo kumakathera pa kachigawo kakang'ono ka phazi la wopalasa, kuseri kwa zala, komwe kamakankha pedulo tsiku lonse.

Pamalo amenewa pali mafupa asanu aataliatali omwe amakalumikizana ndi zala, ndipo pakati pawo pamadutsa timitsempha tonyamula uthenga wa kumva kukhudza, kutentha ndi ululu, tosiyana ndi mitsempha ya magazi. Kamtsempha kotere kakamapanikizidwa mobwerezabwereza, mnofu wokazungulira umakhuthala, ndipo vutoli achipatala amalitchula kuti Morton's neuroma, kutengera dzina la Thomas Morton, dokotala wa ku Philadelphia yemwe analifotokoza mu 1876. Ngakhale dzinali limamveka ngati la chotupa, iyi si khansa ayi. Kawirikawiri limagwira pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi, ndipo wodwala amamva kuotcha, kulasa kapena dzanzi m'zala ziwirizo, kapenanso ngati waponda kamwala komwe sikapezeka akakutumula nsapato. Ululuwo umachepa akavula nsapato ndi kutikita phazi, zomwe zimachititsa ambiri kuliona ngati kutopa wamba.

M'maiko olemera vutoli amalidandaula kwambiri ndi othamanga, ochita mipikisano ya njinga ndi amayi ovala nsapato zosongoka, koma zomwe zimaliyambitsa zimapezeka zonse pamodzi kwa wakabaza wa ku Chigwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo phazi lomwe lagwira ntchito kuyambira m'mamawa limafufuma, kotero kuti nsapato ya pakaunjika yomwe inali yokwana pogula imakhala ikufinya mafupa aja pofika masana. Amene amathawira ku masilipasi sapulumukanso, chifukwa mphira wofewa umapindika pa pedulo n'kusiya mphamvu yonse pamalo amodzi. Choipa koposa ndi pedulo yomwe mphira zake zinagwa kalekale n'kutsala kachitsulo kapakati kokha, kopyapyala ngati chala, komwe mwini njinga amapitiriza kupalasa poona kuti njinga ikuyendabe. Kachitsulo kameneka kamadinda ndendende pomwe padutsa kamtsempha kaja, ndipo popeza njinga zambiri za katundu zilibe magiya, wopalasa amachita kuimirira pa pedulo akafika pamchenga kapena pokwera.

Chithandizo choyamba sichifuna ndalama zambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amayamba ndi mapiritsi opha ululu a pagolosale m'malo moyamba ndi njinga ndi nsapato. Pedulo yothyoka iyenera kusinthidwa ndi yotakata, nsapato ikhale yotambalala kutsogolo ndi yolimba pansi, ndipo zingwe zake zimasulidweko dzuwa likakwera. Wopalasa akasunthira phazi kutsogolo pang'ono, kuti pedulo igwire chapakati pa phazi osati pansi pa zala, katundu amachoka pamalo opwetekawo, ndipo pamchenga ndi bwino kutsika n'kukankha njinga. Kansalu kopindapinda kapena kasiponji kangathandize kutalikitsa mafupa, koma kayenera kuikidwa kumbuyo pang'ono kwa malo opwetekawo, chifukwa kakakhala pansi penipeni pa ululu kamangowonjezera kupanikiza. Othamanga, kuphatikizapo ana asukulu omwe amakonzekera mipikisano pamabwalo ouma gwa, ayenera kuchepetsa mtunda kwa masabata angapo ndi kusiya nsapato zothina. Izi zikakanika, madokotala amabaya jakisoni wochepetsa kutupa, ndipo opaleshoni yochotsa kamtsemphako imabwera pomalizira, popeza imasiya dzanzi losatha pakati pa zala ziwirizo.

Komabe si phazi lililonse lootcha lomwe lili ndi vuto la Morton, ndipo apa m'pamene munthu wodzipima yekha angadzipweteke. Vutoli nthawi zambiri limagwira malo amodzi a phazi limodzi ndipo limakula munthu akaponda, pamene kuotcha kapena dzanzi la mapazi onse awiri, loyambira kunsonga za zala n'kumakwera, makamaka usiku, limaloza ku matenda a shuga, kachilombo ka HIV, kumwa mowa mopitirira muyeso kapena mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa isoniazid, omwe n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. Khate nalonso, lomwe silinatheretu m'dziko muno, limapha mitsempha ya kumapazi ndipo limadziwika ndi zigamba zapakhungu zosamva kukhudza. Wodwala shuga yemwe phazi lake lachita dzanzi angathe kubayidwa ndi minga kudimba kapena padooko osamva kanthu, mpaka bala litakula.

Kupima shuga ndi HIV kumachitika m'zipatala za boma za Chikwawa, Nsanje ndi Ngabu, komanso m'zipatala za mishoni za St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, ndipo ofunika akatswiri a mafupa amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Wakabaza kapena wothamanga amene wasintha pedulo ndi nsapato koma ululu sukuchepa patatha masabata angapo, komanso aliyense amene mapazi ake onse awiri achita dzanzi kapena ali ndi bala losapola, apite kuchipatala osadikira kuti alephere kuponda pansi.