Zaka ziwiri zija zinatha, obayitsa katemera adakalipo

Mukukumbukira zimene zinkamveka pamsika wa Lizulu ndi m'machapa m'chaka cha 2021? Ankati aliyense wobayitsa katemera wa Covid-19 adzamwalira zisanathe zaka ziwiri. Ena ankati amayi sadzaberekanso. Kuno kumalire mphekesera imawoloka msewu msanga kuposa thumba la kachewere, ndipo ambiri munaopa.

Tsopano werengani zaka. Kuno ku Mozambique katemera anayamba pa 8 Marichi 2021. Oyamba kubayitsa anali ogwira ntchito m'zipatala, pamodzi ndi nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Armindo Tiago. Ku Malawi anayamba patangopita masiku atatu. Yang'anani m'mudzi mwanu momwemo. Amene anabayitsa mukuwadziwa. Mukulima nawo, mukupemphera nawo, ena abereka ana amene pano akuthamanga pabwalo.

Chimene chinapha anthu ndi matendawo. Pa 12 Januwale 2021, katemera asanafike, nduna ziwiri za ku Malawi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi. Awa anali anthu okhala pafupi ndi madokotala. Nanga agogo a kuno, oti akayamba kubanika ayambe afunafuna njinga yamoto yowafikitsa ku Ulongwe?

Tisakunamizeni, katemera si mpanda woti kachilombo sikangadutse. Wobayitsa akhoza kudwalabe. Koma katemera amaphunzitsa asilikali a m'thupi kuti amuzindikire mdaniyo asanabwere, choncho matenda akafika, kawirikawiri safika pogonetsa munthu m'chipatala. Mkono umapweteka, thupi limatha kutentha tsiku limodzi kapena awiri, kenako mumabwerera kumunda.

Mu Meyi 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 salinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Silinanene kuti kachilomboka katha. Kadakalipo, ndipo kamavutitsa kwambiri okalamba, odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amayi oyembekezera ndi amene chitetezo chawo chinatsika.

Ngati pakhomo panu pali munthu wotere, mukapita kusikelo kapena kukatenga mankhwala, mufunse namwino za katemerayu. Tengani khadi lanu, ngakhale munabayitsira ku Dedza kapena ku Ntcheu. Ngati simunabayitsepo chifukwa cha mantha aja, nenani zoona kuti namwino adziwe poyambira.