RUFUNSA: MPANDO UMENE ULIBE MWINI

Munthu wocoka ku Lusaka pa mseu waukulu wa Great East, akapitirira Chongwe, amafika pa Chinyunyu, pamene madzi otentha amatumphuka pansi usana ndi usiku. Apa ndi m'dziko la Asoli, kwa Mfumu Bunda Bunda, cakumadzulo kwa dera la Rufunsa limene limatumiza phungu mmodzi ku Nyumba ya Malamulo.

Derali ndi lalikulu zedi. Kumadzulo lacita malire ndi Chongwe. Kum'mawa latambalala m'mapiri, kupyola kwa Mfumu Mpanshya, kulunjika ku mtsinje wa Luangwa. Kumpoto limatsikira ku cigwa ca Lunsemfwa, kwa Mfumu Shikabeta. Mafumu ndi atatu, koma phungu ndi mmodzi yekha, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 80,000 m'malire amenewa.

Malire a ulamuliro akhala akusintha. Kale dziko lonseli linali m'cigawo ca Pakati, kufikira pamene cigawo ca Lusaka cinakhazikitsidwa mu 1976. Pambuyo pace Rufunsa inakhala pansi pa boma la Chongwe, ndipo munthu wa kwa Shikabeta wofuna thandizo ku maofesi anali kuyenda ulendo wautali. Pa ulamuliro wa Pulezidenti Michael Sata, umene unayamba mu 2011, Rufunsa inapatsidwa boma lace-lace, ndipo malire a boma ndi a phungu anakhala amodzi.

Nanga anthu a kuno asankha motani? Kucokera mu 1973 kufikira mu 1990, dziko la Zambia linali ndi cipani cimodzi cokha ca UNIP, ndipo opikisana onse anali a cipanico. Zipani zambiri zitabwerera pa masankho a 1991, anthu a Rufunsa anayamba kuonetsa mtima wao.

Mu 2006 anasankha Bambo Kenneth Chipungu a MMD, amene pambuyo pace anakhala nduna yoona za masewera ndi acinyamata. Mu 2011 cipani ca PF cinatenga boma, koma Rufunsa inabwezanso Bambo Chipungu. Mu 2016 PF inapambananso pa mpando wa Pulezidenti, koma Rufunsa inatembenukira kwa Mai Sheal Mulyata a UPND. Motero kawiri motsatizana derali linasankha phungu wa cipani cosalamulira. Mu 2021 Mai Mulyata anasankhidwanso, UPND inatenga boma, ndipo iwo anaikidwa kukhala nduna ya cigawo ca Lusaka.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti mpando wa Rufunsa suli cuma ca cipani ciri conse, ndiponso kuti anthu ace satsata mphepo ya mu mzinda wa Lusaka. Lamulo lathu likuti wopeza mavoti ambiri ndiye phungu, ngakhale apose mnzace ndi voti imodzi. Cifukwa cace mudzi wa kuseri kwa phiri uli ndi mphamvu yofanana ndi msika wa pa mseu.

Udindo wa mpandowu wakula. Mu 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu. Dera laling'ono la m'tauni ndi dera lotambalala ngati Rufunsa anapatsidwa mofanana, pamene kuno thumba limodzi liyenera kufikira mijigo, milatho ndi masukulu a midzi yotalikirana. Ndico cifukwa cace nkhani ya malire si ya akulu-akulu a ku Lusaka okha ai. Ikhudza mlimi ali yense.

Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Inu a ku Chinyunyu, a kwa Mpanshya ndi a kwa Shikabeta, wopempha voti akadza, m'funseni midzi imene anapondamo nthawi ya dzinja. Sungani bwino citupa canu ndi khadi la voti, pakuti mpandowu ndinu mumaubwereketsa kwa zaka zisanu.