Kusankha Maluwa a Tsiku la Ukwati

 Nyengo ya maukwati yafika. Chimanga chalowa m'nkhokwe, misewu yauma, ndipo Loweruka lililonse nthungululu zikumveka pamatchalitchi ndi m'maholo. M'makomiti okonza maukwati anthu amakambirana nthawi yaitali za mpunga, nkhuku, galimoto ndi oimba, koma nkhani ya maluwa amaisiya kumapeto, nkuitula kwa msungwana mmodzi kutatsala masiku awiri. Lero ndifuna kuti tikambirane za maluwawo, pakuti ndalama zambiri zimatayikira pamenepa, ndipo nthawi zina misozi ya mkwatibwi imayambira pomwepa.

Zaka zingapo zapitazo ndidaitanidwa ku ukwati wa msuweni wanga kuchigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala. Inu amene mudakhalako kumeneko mukudziwa kuti nthawi imeneyo kutentha kumafika madigiri 40, mwinanso kupyola. Mkwatibwi adaona chithunzi cha maluwa a rozi oyera, ndipo mtima wake udagwa pomwepo. Komiti idatuma mnyamata ku Blantyre Lachinayi ndi ndalama zokwanira kugula mbuzi. Iye adagula maluwa abwino ndithu, nawaika m'katoni imodzi ndi nthochi za paphwando, natsika nawo phiri pa minibasi dzuwa lili paliwombo. Kumudziko katoniyo idagona masiku awiri pafupi ndi khitchini. Loweruka m'mawa, pamene mkwatibwi ankatsika galimoto, duwa lililonse lidali litaweramitsa mutu ngati mwana wodzudzulidwa. Amene adapulumutsa tsikulo ndi agogo ena oyandikana ndi tchalitchi, amene adathyola maluwa a zinnia pakhomo pawo nawamanga ndi kansalu koyera. Maluwa a agogowo adafika nthawi ya perekaniperekani ali chiimire.

Kodi chidalakwika n'chiyani? Rozi adalibe mlandu. Duwa likadulidwa limakhala likadali lamoyo: limapuma, limamwa madzi, ndipo limataya madziwo kudzera m'masamba ake. M'kati mwa phesi lake muli timitsempha tokweza madzi kupita kumutu. Phesi likakhalitsa kunja kwa madzi, mpweya umalowa m'timitsemphato nkutitseka. Madzi akakhala akuda, tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana m'menemo nkutsekanso njira. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Ndiponso zipatso zimene zikupsa, monga nthochi, mango ndi tomato, zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, womwe umachititsa kuti nthochi zovundikidwa pamodzi zipse msanga. Mpweya womwewo umakalambitsa maluwa, ndipo umapezekanso mu utsi wa moto ndi wa galimoto. Tsono duwa loyenera ukwati wanu ndi lomwe lingapirire mwezi wanuwo, dera lanu, ndi maola onse a tsikulo.

Tisaiwale kuti mwambo wa maluwa ndi wobwera. Makolo athu ankamanga ukwati ndi ankhoswe, ndipo ulemu wa tsikulo udali m'malangizo, m'chakudya ndi m'magule. Diresi loyera ndi maluwa a m'manja zidafika kuno pamodzi ndi ukwati wa kutchalitchi. Ku Ulaya komweko diresi loyera lidatchuka Mfumukazi Victoria ya ku Britain itakwatiwa mu 1840 itavala zoyera, kumutu ili ndi maluwa a mtengo wa malalanje. Mwambowu tidaulandira ndipo ndi wathu tsopano, komatu zithunzi zambiri zimene asungwana athu amaona m'mafoni zidajambulidwa m'maiko ozizira. Maluwa a tulip ndi peony amafuna miyezi ya chisanu choopsa, chimene kuno kulibe. Ngakhale maluwa a rozi ogulitsidwa ku London, amene ambiri amalimidwa m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya, amasungidwa m'zipinda zozizira kuchokera kumunda mpaka kumsika. Ife amene tidzanyamula maluwa pa minibasi kapena pa njinga tiyenera kusankha ndi nzeru zathuzathu.

Funso loyamba limene komiti idzifunse ndi lakuti: ukwati uli mwezi uti, ndipo uli kuti? Ukwati wa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, uli ndi mwayi, makamaka kumalo okwera monga ku Dedza, Zomba, Thyolo, Mulanje ndi Mzuzu. Nthawi imeneyo rozi angathe kukhala m'madzi pafupifupi sabata yathunthu, ndipo mkwatibwi angamunyamule tsiku lonse osadandaula. Kumalo a chinyontho kumapezekanso duwa loyera lopindika ngati faneli, lokhala ndi kamtengo kachikasu pakati, lotchedwa arum lily, lomwe kwawo ndi kumwera kwa Africa. Maluwa asanu kapena asanu ndi awiri a mtundu umenewu, omangidwa pamodzi, amakwana mkwatibwi popanda kuwonjezera kanthu.

Ukwati wa m'chilimwe, Seputembala mpaka Novembala, umafuna maluwa olimba mtima, ndipo mawu awa ndikulankhula makamaka kwa inu a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga. Zinnia, marigold ndi mpendadzuwa waung'ono wa m'maluwa amakondwera ndi dzuwa. Ngati mukugula m'tauni, funsani chrysanthemum kapena carnation, pakuti awiriwa amatha kukhala m'madzi mpaka masabata awiri, ngakhale carnation amadana kwambiri ndi mpweya wa zipatso uja. Pali duwa linanso lolimba, lofanana ndi mutu wa mbalame, lotchedwa strelitzia, limene limayenera kuguwa ndi patebulo la akwati. Ukwati ukakhala wa m'dzinja, vuto ndi mvula: imavulaza maluwa oyera, ndipo rozi amagwidwa matenda a madontho akuda pamasamba. Pamenepo dalirani gladiolus, duwa lalitali lija lokhala ndi maluwa ondandalika paphesi limodzi, kapena agapanthus wa buluu ndi woyera.

Funso lachiwiri ndi ili: kodi duwalo lidzakhala maola angati kunja kwa madzi? Apa ndi pamene ambiri timanyengeka, pakuti akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bougainvillea, amene amayanga m'mipanda nawala kwambiri m'chilimwe, akangodulidwa amafota m'maola owerengeka. Mugwiritseni ntchito pachipata kapena pagalimoto ya akwati, wodulidwa m'mawa womwewo, ndipo samalani minga yake. Duwa la hibiscus limakhala tsiku limodzi lokha ngakhale lili pamtengo pake. Jakaranda, amene amaveka mizinda yathu mtundu wa pepo mu Seputembala ndi Okutobala, amayoyoka akangogwedezeka. Ntchito yake ndi kuima kumbuyo kwa akwati pojambulitsa. Kakombo wa m'madambo ndi m'nyanja amatseka maso akachotsedwa m'madzi. Hydrangea wa kumapiri amamwa madzi ngati ng'ombe, kotero ayenera kukhala m'mtsuko patebulo, osati m'manja. Deliya wachikasu wa m'mbali mwa misewu ali ndi khosi lofewa, ndipo amathyoka msanga.

Funso lachitatu: adzagwira maluwawo ndani? Pa ukwati pamakhala tiana tonyamula madengu a maluwa, ndipo mwana chilichonse amaika kukamwa. Oleander, chitsamba cha masamba aatali ndi maluwa a pinki kapena oyera chimene chimabzalidwa m'mabwalo ambiri, ndi poizoni kuyambira muzu mpaka duwa. Asafike m'manja mwa mwana, ndipo asayandikire keke kapena chakudya. Chimodzimodzinso duwa lija lofiira ndi lachikasu ngati malawi a moto, lomera m'tchire m'dzinja, lotchedwa flame lily, lomwe ndi duwa la fuko la Zimbabwe: ndi lokongola zedi, koma ndi poizoni woopsa. Poinsettia, wofiira m'miyezi yozizira, ndi mbale wake wa nkhadze, ndipo utomoni wake umayabwa pakhungu ndi m'maso. Frangipani wonunkhira uja alinso ndi utomoni woyera. Ngati mkwatibwi afuna kumuvala m'tsitsi, utomoniwo uyambe wauma. Arum lily nayenso asatafunidwe. Ndipo maluwa akuluakulu a mtundu wa lily ali ndi ufa wachikasu umene ukagwera pa diresi loyera suchoka msanga. Dulani timitu ta ufato duwa likangotseguka, poganizira kuti madiresi ambiri ndi obwereka.

Pali mawu amodzi kwa inu okhala pafupi ndi mapiri. Ku Nyika kuli mitundu pafupifupi 200 ya maluwa a orchid, amene amatuluka m'dzinja. Malo amenewa ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo kuthyola zomera m'menemo ndi mlandu. Ukwati wa tsiku limodzi usatilande chuma chimene adzukulu athu ayenera kudzachiona.

Tsopano ndifike pa njira imene ndimaikonda kuposa zonse, ndiyo kudzilimira. Tsiku la ukwati limadziwika miyezi ingapo lisanafike, ndipo duwa lili ndi kalendala yake. Zinnia ndi marigold amachita maluwa patapita masabata 8 mpaka 10 chifesereni mbewu. Gladiolus amatenga pafupifupi miyezi itatu chibzalireni anyezi wake. Rozi wodulira ndi kuthirira bwino amaphuka patapita masabata 6 mpaka 8 nyengo ikakhala yofunda, ndipo kukazizira amachedwerapo. Tsono werengani masabata chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku la ukwati, mupemphe kachigawo ka dimba kwa azakhali, ndipo mufese kawiri kapena katatu, motalikitsa sabata imodzi, kuti ena akafulumira kapena kuchedwa, ena adzagwere pa tsiku lake. Mabedi awiri osamalidwa bwino amakongoletsa tchalitchi chonse pa mtengo wa timapaketi ta mbewu.

Kaya mwalima kaya mwagula, kasamalidwe ndi kamodzi. Dulani maluwa m'mamawa mame asanaume, ndi mpeni wakuthwa, mopendeketsa, ndipo chidebe cha madzi oyera chikhale pomwepo. Rozi adulidwe akangoyamba kumasula, osati atayanza kale. Gladiolus adulidwe pamene maluwa awiri a m'munsi aonetsa mtundu, ndipo ayende ali choimirira, chifukwa akagona nsonga yake imapindika. Chotsani masamba onse amene angamire m'madzi. Pa lita imodzi ya madzi thirani supuni yaing'ono ya shuga, madzi pang'ono a ndimu, ndi madontho ochepa a jiki: shuga ndi chakudya cha duwa, jiki amapha tizilombo tija. Maluwa ochokera kutali aduleninso kumunsi kwa phesi akangofika, kenaka amwe usiku wonse m'chipinda chozizira ndi chamdima, kutali ndi zipatso ndi utsi. Mtolo wa mkwatibwi umangidwe m'mawa wa tsikulo, ndipo pakati pa tchalitchi ndi holo, pamene anthu akudya, ubwerere m'madzi.

Za mitundu, langizo langa ndi lakuti muyambe mwaona nsalu imene abale asankha kuvala ndi madiresi a operekeza mkwatibwi, kenaka musankhe mitundu iwiri yokha ya maluwa yogwirizana nazo. Mitundu ikachuluka, maso amasowa popumira. Mkwatibwi wamfupi asasenzetsedwe mtolo waukulu wobisa nkhope ndi diresi; maluwa a rozi 12 ndi masamba pang'ono ndi okwanira. Ndalama zikachepa, yambani ndi maluwa a m'manja mwa mkwatibwi, duwa la pajekete la mkwati, kuguwa, ndi patebulo la akwati, pakuti ndi pamene maso a anthu ndi a wojambula amakhala. Malo otsalawo adzazeni ndi zobiriwira zimene sitigula: masamba a katsitsimzukwa, nthambi zanthete za bulugamu, ndi makhwatha a kanjedza pakhomo. Ndipo m'holo yotentha ya malata, maluwa a nsalu kapena a pulasitiki sachititsa manyazi. Amoyo akhale m'manja mwa mkwatibwi.

Musaiwale kufunsa akuluakulu a mpingo musanakongoletse. Mwachitsanzo, mu Mpingo wa Katolika guwa silikongoletsedwa ndi maluwa m'nyengo ya Lenti, kupatula masiku ochepa a chikondwerero, ndipo mipingo ina ili ndi malamulo akeake a pamene maluwa angaikidwe. Ngati tsiku lomwelo pali maukwati awiri kapena atatu m'tchalitchi chimodzi, makomiti agwirizane nkugawana mtengo wa maluwa a kuguwa.

Omvera anzanga, maluwa adzafota pofika Lachitatu, koma ngongole yotengedwa chifukwa cha iwo idzatsala m'nyumba yatsopanoyo miyezi yambiri. Msuweni wanga uja lero ali ndi ana awiri, ndipo pakhomo pake pali mzere wa zinnia wochokera ku mbewu za agogo aja. Asungwana atatu a m'mudzimo akwatiwa kale atanyamula maluwa a pakhomo pakepo. Ngati kwanu kuli ukwati miyezi itatu ikubwerayi, mawa m'mawa yendani m'mudzi mwanu kapena m'dera lanu, muone chimene chikuchita maluwa ndi amene akuchilima, ndipo mukagogode pakhomo pawo mwaulemu. Inu amene muli ndi mafunso kapena nzeru zina za kwanuko, tilembereni kalata kuno ku wailesi.