NJINGA YA AGOGO, MASHOCK A MDZUKULU: MKANGANO SUKUTHA KU SCOTLAND

Ku Scotland kuli mpikisano wa njinga zamoto womwe liwiro lilibe ntchito. Katswiri ndi amene wakwera phiri la miyala osaponda pansi. Njinga zakenso si zonyezimira zamasiku anozi ayi, koma mithuthuthu yamakedzana, ya mtundu womwe udalipo chisadafike chaka cha 1965. Komatu kumeneko kuli mpungwepungwe, chifukwa zambiri mwa njingazi ukalamba wake ngwakunja kokha. M'kati muli zitsulo za dzulodzuloli.

Masewerowa amawatcha trials. Njira amaidula m'zigawo: pena mumtsinje, pena pamiyala yoterera, pena pamizu ya mitengo. Pachigawo chilichonse pamaima woyang'anira ndi pepala lake. Ukaponda pansi kamodzi wataya pointi 1, kawiri 2, katatu kapena kuposerapo 3. Ukagwa kapena kukanika kutuluka, basi 5 yapita. Wotaya mapointi ochepa ndiye mwini chikho. M'chaka cha 1961, Gordon Jackson adayenda masiku 6 athunthu pa njinga ya AJS nkuponda pansi kamodzi kokha, ndipo mpaka lero anthu amasimbabe.

Nanga 1965 yalakwanji?

Mpikisano waukulu wa Scottish Six Days Trial udayamba mu 1909, ndipo kwa zaka zambiri ankapambana ndi okwera njinga zopangidwa ku Britain konko. Mu 1965 zinthu zidatembenuka. Sammy Miller, mkulu wa ku Belfast yemwe adapambanapo mu 1962 ndi 1964 pa chinjinga cha Ariel cha 500cc, adabwera ndi kanjinga kopepuka ka ku Spain kotchedwa Bultaco nkupambananso. Pasadapite zaka zambiri, zinjinga zolemera za ku Britain zidakankhidwira kuseri kwa nyumba.

Anthu ozikonda sadagonje. Mu 1984 adayambitsa mpikisano wa njinga zakalezo, wa Pre-65 Scottish, m'mapiri ozungulira kamudzi ka Kinlochleven. Ofuna kulowa amachuluka kuposa malo, mwakuti mayina amachita kuchitira mayere. Ndiye mukudziwa kale, paliponse pamene pali chikho, ochenjera sasowa.

Chinsinsi chili m'foloko

Aliyense amene adakwerapo kabaza wa mashock akutha akudziwa mmene msana umamvekera ukafika. Pa trials vuto limaposa msana. Foloko ya kutsogolo ndi mashock a kumbuyo zili ndi sipuling'i yonyamula katundu, komanso oyilo yemwe amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono kuti sipuling'iyo isabwerere mwamphamvu ngati legeni. Zitsulo za m'ma 1950 ntchito imeneyi sizinkaigwira bwino. Njinga ikagunda mwala inkadumpha, tayala nkusiya kugwira pansi, ndipo mwini wake, posafuna kugwa, nkutsitsa phazi. Pointi yapita!

Apa mpomwe amakaniko adaonetsa luso lawo. Amatenga foloko yakale, monga ya Norton Roadholder, nkuikhuthula zam'kati zonse, nkulowetsamo zitsulo zochokera m'mafoloko a m'mbuyo muno monga Marzocchi kapena Betor. Kunja ukaona ndi agogo enieni, koma ikafika pamwala imayenda ngati mnyamata. Eni masewerowa adazipatsa dzina loti fiddle forks, kutanthauza mafoloko achinyengo. Kumbuyo nako amachotsa mashock akale a Girling nkuikapo amakono, ena otalikirapo, kuti mimba ya njinga ikwere isamagunde miyala. Ena safika nkutaya nthawi, amangogula fulemu yatsopano yopepuka yopangidwa mofanizira yakale.

Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kumeneku zidatembenuzika: kunja nkokalamba, zokoma zili m'kati.

Mbali ziwiri

Gulu loyamba likuti uku nkuba masanasana. Iwo akuti cholinga cha mpikisanowu chidali choti anthu alawe mmene makolo awo ankavutikira ndi njinga zolemera. Nanga ngati BSA Bantam kapena Triumph Tiger Cub yangotsala dzina pathanki, ndiye tikupikisana chiyani? Dandaulo lawo lalikulu ndi ili: njinga zikamayenda bwino, okonza mpikisano amakakamizika kusankha njira zovuta kwambiri kuti akatswiri asiyane mapointi. Zikatero munthu wa njinga yosasinthidwa sangayesenso nkomwe. Amene mpikisanowo adaukonzera ndi amene akutsala kunyumba.

Gulu lachiwiri nalo silikusowa chonena. Likuti zitsulo zenizeni za zaka 60 zapitazo zidatha, ndipo zimene zatsala nzofunika kuzisamala, osati kukaziphwanyira pamiyala. Likutinso okwera ambiri ndi madoda oti mawondo ndi misana zidayamba kale kudandaula. Shock yabwino imateteza munthu kuti asavulale. Kodi tiziti munthu athyoke mkono kuti mbiri isungike?

Ndipotu mbiri yomweyo ikuwaikira kumbuyo. Nkhondo yachiwiri itangotha, akatswiri ankakhulupirira kuti njinga ya trials siyenera kukhala ndi sipuling'i kumbuyo. Hugh Viney adapambana ku Scotland mu 1947, 1948 ndi 1949 pa AJS youma kumbuyo. Kampani ya Royal Enfield itabwera ndi Bullet ya mashock mu 1948, ambiri adaikayikira, mpaka Johnny Brittain adapambana nayo mu 1952 ndi 1957. Nayo Ariel ya Miller ija, ya nambala GOV 132, sidali monga idatulukira kufakitale. Mwini wake adaisinthasintha ndi kuipepuza kwa zaka. Ndiye amene akuti "musasinthe kanthu" akuteteza chinthu chomwe akatswiri akalewo sadachitsatire.

Mzere udulidwe pati?

Okonza mipikisano ayesa kuika malire. Kawirikawiri salola mabuleki a disc, amafuna a drum. Ambiri amaletsa foloko yonenepa kuposa mamilimita 35, ndipo amafuna kuti kunja kwake kuzioneka kwa nthawi imeneyo. Koma taonani, lamulo likamayeza zakunja zokha, ndiye kuti lauza makaniko kuti ochenjera abise m'kati. Ndani angamasule mafoloko a njinga zonse m'mawa wa mpikisano?

Matendawa adafalikiranso ku gulu la twinshock, la njinga za mashock awiri za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa ma 1980. Yamaha itatulutsa njinga ya shock imodzi mu 1983, idaposa zinzake kutali. Ndiye ena amatenga njinga zoterozo nkuwotchererapo mashock awiri kuti alowe m'gulu la akuluakulu. Makalabu ambiri amazikana zimenezi.

Mukaufukula bwino mkanganowu, pansi pake pali ndalama. Masewero omwe munthu ankalowa ndi njinga yotola kuseri kwa nyumba tsopano akufuna thumba lonona, moti njinga "yakale" yokonzedwa bwino imatha kudula kuposa yatsopano ya m'sitolo. Wosauka wapikisana kale ndipo wagonja asadalize injini.

Inu a mumsika nkhani iyi simukuimva koyamba. Wailesi yokonzedwa si mlandu kuigulitsa, bola wogula umuuze kuti m'katimu mudalowa dzanja. Mlandu umayamba pamene waipukuta bwinobwino nkulumbira kuti sidatsegulidwepo. Makalabu ena kumeneko adazindikira zomwezi, ndipo amapatula magulu: njinga zouma kumbuyo pazokha, zosinthidwa kwambiri pazokha, pena ndi njira yofewerapo ya amene akufuna kungosangalala. Amene akufuna foloko yamakono aiike, palibe womuletsa, koma anene poyera ndipo akapikisane ndi anzake a mafoloko amakono. Agogo enieni nawo apatsidwe bwalo lawo, ndi miyala yolingana ndi msinkhu wawo.