Msuweni wanga wabwerera pa kabaza

Chaka chatha nthawi ngati ino, msuweni wanga wa ku Mchengautuwa anali atakoleka njinga yake ya kabaza kukhoma. Munthu amene ankakwera chitunda atanyamula mayi ndi thumba la makala kumbuyo, tsopano ankapumira m'mwamba akangofika pakhomo la bafa. Mimba inatupa chakumanzere, yolimba gwa, pamene manja ndi miyendo zinkangotha. Akadya mbamu ziwiri ankati wakhuta. M'chisanu cha Mzuzu chija ankadzuka usiku bulangeti litanyowa ndi thukuta.

Madokotala a pakhonde sasowa. Ena ankati ndi kapamba wa malungo, ena ankanong'ona kuti anzake apasiteji amuchita chipongwe. Mankhwala a malungo anamwa, zitsamba anamwa, mimba osaphwa. Atamuyeza magazi ku Mzuzu Central Hospital anapeza maselo oyera atachuluka mopanda muyeso, ndipo anamutumiza ku Lilongwe. Kumeneko matendawo anapatsidwa dzina: chronic myeloid leukaemia, mwachidule CML, khansa ya m'magazi. Titangomva kuti khansa, azakhali anayamba kulira ngati maliro achitika kale.

Kumeneko kunali kulira msanga. Khansa imeneyi gwero lake limadziwika bwino. Mu 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford a ku Philadelphia anaona kachromosome kakafupi modabwitsa m'maselo a odwala, ndipo mu 1973 Janet Rowley anasonyeza kuti chromosome 9 ndi 22 zimasinthana zidutswa. Pamene zidutswazo zalumikizana pamabadwa puloteni yotchedwa BCR-ABL. Ntchito ya mapuloteni a mtundu wake ndi kupereka uthenga mkati mwa selo: gawikana, chulukana. Abwinobwino amalankhula n'kukhala chete. Uyu ali ngati woitanira wapadepoti amene akukuwabe minibasi itadzaza kale, anthu akukhalirana pamiyendo. Maselo oyera amangochulukana mpaka kapamba kutupa.

Ndiye ofufuza, mwa iwo Brian Druker ndi Nicholas Lydon, anati bwanji tingomutseka pakamwa woitanirayo? Mankhwala a imatinib, amene kampani ya Novartis inawatcha Glivec, amakakhala pakabowo pamene puloteniyo imalandirira mphamvu, basi uthenga waduka. Anavomerezedwa ku America mu 2001. Kale odwala ambiri sankapitirira zaka 5, koma pa kafukufuku wamkulu wotchedwa IRIS, oposa 8 mwa 10 alionse omwa mankhwalawa anali moyo patatha zaka 10. Mtengo wake munthu wa kabaza sangaulote n'komwe, koma bungwe la The Max Foundation limawapereka ulere m'mayiko ambiri osauka, Malawi ali momwemo.

Msuweni anayamba kumwa piritsi la 400 mg, kamodzi patsiku, pa chakudya, ndi madzi ambiri. Masabata oyamba ankadandaula nseru ndi kukokana kwa minofu, zikope zitatupa ngati wagona pamowa. Kenako mimba inayamba kuphwa. Lamba amene anamuboola mabowo atsopano mimba itaphwa anabwerera pa bowo lakale, koma ulendo uno chifukwa cha nsima. Mlamu akuti ufa sukuchedwanso kutha, ndipo akunena akuseka.

Ndinakumana naye posachedwa akutsika ndi kasitomala pafupi ndi msika waukulu, belu lili ngerengere, masaya ali phwii.

"Asuweni, si inu tinkakusonkherani ya bokosi?"

"Bweretsani ndalamazo asuweni, ndigulire matayala!"

Chondisangalatsa ine n'chakuti BCR-ABL yomweyo imene inkamupha ndiyo imaulula mmene mankhwala akugwirira ntchito. Madokotala amayeza kuchuluka kwa BCR-ABL m'magazi: nambala ikamatsika zinthu zili bwino, ikayamba kukwera amafunsa ngati munthu akudumphitsa mapiritsi kapena ngati pakufunika mankhwala ena monga dasatinib. Ndipo makina a GeneXpert, omwe tinawazolowera poyeza TB, ali ndi katiriji yoyezera zimenezi. Si khansa iliyonse imene ili ndi woitanira mmodzi chonchi, n'chifukwa chake asayansi akusakabe mapuloteni ena oti awatseke pakamwa.

Msuweni sanachire kotheratu. Mapiritsi ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo kusiya payekha n'kuitana matenda. Inu amene m'bale wanu watupa mimba chakumanzere, akuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, musathere ndalama pa mankhwala a malungo. Pitani naye kuchipatala mukapemphe kuti amuyeze full blood count.